Za mudzi, tisamangovutika chinunu

Abale anga a kuno ku Mulanje, lero tikambeko za mudzi, ena amati mapailosi. Tikamaliza sikelo ya ana kumudzi nthawi zambiri pamatsala mayi kapena bambo m'modzi, wakhalira mbali imodzi pa benchi, kudikira anthu achoke kaye kenako nkunong'ona kuti akapita kuchimbudzi kukumabwera magazi. Ukafunsa kuti zayamba liti umamva zoti chaka chatha, ndiye zimandiwawa bwanji.

Mudzi ndi mitsempha ya magazi yakumalo otulukira chimbudzi yomwe yatupa basi, sikuti mwalodzedwa ayi. Wamkati supweteka kwenikweni, mumangoona timagazi tofiira pa pepala mukamaliza, pomwe wakunja umayabwa ndipo kukhala pansi kumavuta. Chimayambitsa kwambiri ndi kudzimbidwa, chimbudzi chikauma munthu nkumakankha mwamphamvu, komanso kukhala ndi pakati, kunyamula zolemera daily ndi kukhalitsa m'toileti uku mukusewera pa foni.

Koma apa ndiye mundimvetsetse, si magazi onse omwe ali a mudzi. Kamwazi, likodzo la m'matumbo ngakhale khansa ya m'matumbo zimatulutsanso magazi, ndiye osadziyeza nokha kunyumba. Pitani ku health centre kapena ku chipatala chachikulu pa boma, a dokotala amayang'ana, amavala magulovesi nkupima ndi chala, mphindi zochepa zatha ndipo iwo anazizolowera izi musachite manyazi. Chimbudzi chikakhala chakuda bii, magazi akasakanikirana ndi chimbudzicho, mukamaonda, kumva chizungulire kapena m'manja mwayera, musadikire sabata ya mawa, makamaka ngati munadutsa zaka 40.

Akakuuzani kuti ndi mudzidi, ntchito yaikulu ili m'mbale yanu. Nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nandolo, nyemba, nkhwani, chisoso, papaya, nthochi, mapeyala, nanazi amene timangogulitsa pa msewu ife eni osadyako, zonsezi zimafewetsa chimbudzi. Madzi imwani ambiri, inu othyola tiyi ndi a kabaza tengani botolo pochoka m'mawa, ndipo chimbudzi chikakupezani osachisunga mpaka kuweruka. Thirani madzi ofunda m'beseni mukhalemo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, ululu umatsika ndithu. Panado amathandiza, koma aspirin musiyeni ngati mukutaya magazi chifukwa amawonjezera. Mafuta opaka okhala ndi hydrocortisone osapitirira masiku 7 pokhapokha adokotala atanena.

Chonde chonde, osadula ndi lezala, osapakapo tsabola kapena phulusa, mungataye magazi ambiri chilonda nkuwola. Podzipukuta siyani zitsononkho ndi nyuzipepala, sambani ndi madzi. Mudzi ukamatuluka osabwereranso mkati, achipatala ali nazo njira, amaumanga ndi kalabala kuti ufote nkugwa wokha, wina amachita opaleshoni, ndipo pofunika amakutumizani ku Queens ku Blantyre.