Mmene mungaiphwanyire nambala yaikulu ngati 720720 popanda kalikyuleta

Nambala ikangotalika ambiri timathamangira kalikyuleta ya pafoni, koma zambiri zimaoneka ndi maso basi. Titenge 720720.

Yambani kumapeto. Yathera 0, ndiye 2, 5 ndi 10 akulowa bwinobwino. Kenako phatikizani madijiti onse, 7+2+0+7+2+0 mupeza 18, ndiye kuti 3 ndi 9 nawonso akulowa popanda chotsala. Apa zadziwika kale kuti si prime (nambala imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi).

Pamene pamandikomera ine ndi apa, taonani 720 walembedwa kawiri motsatizana, nambala iliyonse yotere imakhala madijiti atatuwo kutaimusa 1001, ndipo 1001 ndi 7×11×13, ndiye 7, 11 ndi 13 alowa ulele osatuluka thukuta. Yesani ndi 345345 muone, sizilephera. Tsono 720 yo mukaiphwanya ndi 16×9×5, kapena kuti 2 kanayi, 3 kawiri, 5 kamodzi.

Kuti mudziwe manambala onse oigawa alipo angati, onani prime aliyense waoneka kangati (2 kanayi, 3 kawiri, 5, 7, 11 ndi 13 kamodzikamodzi), onjezerani 1 paliponse kenako mutaimuse: 5×3×2×2×2×2, mupeza 240. Si perfect square iyi (nambala yopezeka mukataimusa nambala ina ndi iyo yomwe), chifukwa square imafuna prime aliyense akhale ndi mnzake, pomwe 5, 7, 11 ndi 13 ali okhaokha.

Ili m'gulu la ma abundant, kutanthauza kuti oigawa ake, kupatula iyo yomwe, mukawaphatikiza amaiposa. Hafu yake 360360, kugawa patatu 240240, kota 180180, atatu okhawa afika kale 780780. Komanso ndi nambala yaing'ono kuposa zonse imene imagawika ndi aliyense kuyambira 1 mpaka 16, koma 17 amakana, pamatsala 5.