Kujambula mbalame za m'udzu ku Nyika

Chimene chimaononga zithunzi zambiri za mbalame ku Nyika ndi udzu womwewo umene mbalamezo zimakhalamo. Kamera imathamangira kugwira phesi limene lili patsogolo, mbalame n'kutuluka mbuu kumbuyo kwake. Ndiye musananyamuke pa Chelinda, malo ogona alendo m'paki ya Nyika, itcheni kamera kuti izigwira pa kadontho kamodzi kokha, ndipo kadonthoko muzikaika pa diso la mbalame. Ikamavutabe, potozani lenzi ndi dzanja.

Mbalame musamaithamangire. Ine ndimayamba ndaima kaye n'kuona pamene imakonda kutera. Nthawi ya dzinja, widowbird yamphongo ya mchira wautali imauluka pang'ono m'dambo n'kubwerera pa phesi lomwe lija, kubwerezabwereza. Timbalame ta cisticola timachitanso chimodzimodzi tikamaimba. Mukalidziwa phesilo, lozetsani kamera pomwepo, dzuwa likhale kumsana kwanu, mudikire. Onaninso chimene chili kuseri kwa phesilo: phiri lakutali limapereka mtundu wosalala bwino, pomwe tchire lapafupi limadzaza chithunzi ndi timizere tosokoneza maso.

Denham's bustard, chimbalame chachikulu choyenda mwaulemu m'udzu waufupi, ndimachifunafuna pa lupsa pamene msipu wayamba kuphuka. Chikaona munthu wapansi chimachoka msanga, koma galimoto chimaipirira. Zimitsani injini, sanjikani lenzi pa kathumba ka nyemba pawindo. Lenzi ya 400mm ikukwanirani. Liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, lisatsike pa 1/1000 ya sekondi, ndipo mbalame youluka imafuna 1/2000 kapena kuposerapo. ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikwere, palibe kanthu. Mukayenda wapansi ndi wolondolera wa m'paki, gwadani kapena gonani chafufumimba kuti kamera ilingane ndi diso la nkhwali. Mame ake akunyowetsani, choncho tengani pulasitiki yoyala.

Malowa ndi okwera mamita oposa 2,000, ndipo mu June ndi July chisanu chake chimamaliza batire msanga. Lapadera muliike m'thumba la mkati mwa jekete. Kukagwa nkhungu m'mawa musabwerere kukagona. Ikamayamba kuyera ndiye kuwala kumafewa bwino.

Pali mbalame imodzi imene ndikupemphani muisamale kwambiri: namzeze wabuluu, blue swallow. Watsala wochepa padziko lonse, ndipo Nyika ndi amodzi mwa malo ake akuluakulu oswanirana. Amafika mvula ikamayandikira, n'kunyamuka cha mu April kupita kumadera ozungulira nyanja ya Victoria. Chisa chake amamanga pansi, m'maenje ndi m'zigwembe za timitsinje. Mukaona akulowa m'dzenje, musasendere kukasuzumira, ndiponso musamuimbire kulira kwa mnzake pa foni kuti abwere pafupi. Kholo likamazengereza kulowa, ana amazizidwa ndi kugona ndi njala. Khalani patali pamtunda, muone chigwa chimene akudyera tizilombo. Amadutsa njira imodzimodzi chapansipansi, ndipo pamenepo ndi pamene mungamujambule mchira wake wautali utatambasuka.