Mukaponda stonefish ku gombe la Mozambique

Inu a ku Mulanje amene mumadutsa pa Muloza kupita kugombe la Mozambique, dziwani kuti m'nyanja yamchere muli nsomba yaululu yotchedwa stonefish, ya mtundu wa Synanceia. Mu Ruo mulibe.

Imatalika masentimita 30 mpaka 40, khungu lake ndi lanjerewere, pakamwa ndi maso zimayang'ana kumwamba. Imangokhala phee pakati pa miyala m'madzi osaya, ndipo sithawa munthu. Pamsana ili ndi minga 13, munga uliwonse uli ndi timatumba tiwiri taululu. Kulemera kwa phazi lanu ndiko kumafinya timatumbato. Abale ake ndi nsomba zotchedwa scorpionfish ndi lionfish yamizeremizere, koma ululu wawo ndi wocheperapo.

Munthu akabayidwa, mutulutseni m'madzi msanga. Tsukani bala, kenako viikani phazilo m'madzi otentha osapitirira madigiri 45 kwa mphindi 30 mpaka 90, chifukwa kutentha kumachepetsa ululu. Yambani mwayesa madziwo ndi dzanja lanu, poti wobayidwayo samva bwino kutentha ndipo angapse. Madziwo akazizira, onjezani ena otentha.

Musamange mwendo ndi chingwe, musateme mphini, musayamwe bala. Zimenezi zimangowononga mnofu.

Pitani naye kuchipatala ngakhale atapezako bwino, kuti akachotse zidutswa za munga ndi kumubaya jakisoni wa kafumbata. Mankhwala othetsa ululuwu alipo, amapangidwa ku Australia. Poyenda pamiyala valani nsapato zochindikala kunsi, osati mapatapata.