Bungwe lidziunike kaye lisanakonze mapulani a chaka chamawa

Mabungwe ambiri olankhulira anthu amene ali ndi matenda monga shuga, khunyu kapena khansa amathera mphamvu zonse pa tsiku limodzi lalikulu, ngati la matenda a shuga pa 14 Novembala, kenako n'kungoti zii chaka chonse. Musanalembe mapulani atsopano, khalani pansi mudzifunse mafunso ovuta.

Kuwerenga misonkhano imene munachititsa sikokwanira. Funsani chimene chasintha kwa wodwala. Ngati munakadandaula kwa akuluakulu a zaumoyo za kusowa kwa insulin (mankhwala obaya a odwala shuga), fufuzani ngati mayi amene ankabwerera chimanjamanja pa windo lolandirira mankhwala akuipeza tsopano. Ngati sakuipeza, ntchito ija sinathe, ngakhale nkhani yake inatuluka m'nyuzipepala.

Pa zokambiranazi ayambe kulankhula ndi odwala eniake ndi owasamalira, atsogoleri pambuyo. Ambiri sangatsutse wapampando pamaso, choncho agawireni mapepala alembe maganizo awo osaikapo dzina. Ndipo matenda a munthu asalowe mu lipoti popanda chilolezo chake, chonde izi musazitenge mopepuka.

Onaninso amene wasenza katundu yense. Ngati makalata, mabuku a ndalama ndi foni ya bungwe zili m'manja mwa munthu mmodzi, yemwenso akudwala matendawo, tsiku limene adzagonekedwe m'chipatala zonse zidzaima. Pa udindo uliwonse phunzitsani wachiwiri.

Zolinga sankhani ziwiri kapena zitatu basi. Chilichonse chikhale ndi woyang'anira wake, tsiku lomalizira ndi ndalama zake, ndipo muzikumana miyezi itatu iliyonse kuona pamene zafika.