Khansa ya bere yobwera popanda chotupa, mungaizindikire bwanji

Ambirife timangopapasa kufuna chotupa basi, tikapanda kuchipeza mtima pansi. Komatu pali khansa zina za bere zomwe sizibwera choncho, ndipo ndi zimenezi zimachedwetsa anthu.

Yovuta kwambiri ndi ija madokotala amati inflammatory. Bere limatupa msangamsanga, masabata ochepa chabe, kutentha, kulemera, khungu nkuchita timaenje ngati la lalanje. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino ayi, pamangoda kuposa bere linalo, ndiye muziima pagalasi nkuyerekeza onse awiri. Imafanana zedi ndi kutupa kwa bere kwa amayi oyamwitsa, nde akakupatsani maantibayotiki sanalakwitse, imwani. Koma pakatha masiku 7 mpaka 10 osasintha, bwererani mukanene mosapita mbali kuti mukufuna biopsy (kutengako kachidutswa ka mnofu wa bere nkukakapima ku labu), makamaka ngati simukuyamwitsa nkomwe. Osamangolola kusinthidwa mapilitsi kawiri katatu. Muzijambulanso berelo pafoni masiku angapo alionse, adokotala aone okha mmene likusinthira.

Ina ndi ya Paget, imayambira pansonga ya bere limodzi, kuyabwa, kusupuka, nkhanambo, ena amapaka mafuta miyezi nkumati ndi zidzolo. Zidzolo zambali imodzi zosamva mankhwala, kapimitseni. Chimodzimodzi magazi otuluka okha kunsonga, nsonga yomwe yangolowa mkati posachedwa, kapena mwanabele wolimba m'khwapa pomwe bere lili bwinobwino. Abambo nanunso zikukhudzani, mwa odwala khansa ya bere 100 mmodzi amakhala mwamuna, ndipo kwa inu kachotupa kamakonda kukhala kuseri kwa nsonga.

Kuchipatala pamafunika zitatu: kukupimani ndi manja, sikani kapena mammogram (X-ray ya bere), kenako biopsy. Mammogram yokha itha kuphonya, makamaka kwa atsikana, ndiye isakunamizeni ikatuluka bwino koma bere likusinthabe. Yodula nkhani ndi biopsy, ndipo ngati vuto lili pakhungu amatengako kachidutswa ka khungu lomwelo. Funsaninso zotsatira za ER, PR ndi HER2 (zizindikiro za mtundu wa khansayo zomwe amapima pa biopsy) chifukwa ndi zomwe zimauza ngati mankhwala a tamoxifen kapena trastuzumab angakuthandizeni.

Pa inflammatory sayamba ndi opareshoni, amayamba ndi chemo (mankhwala opha khansa m'thupi) kuti khansayo ifote, kenako kuchotsa bere lonse ndi anabele a m'khwapa, radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) pamapeto. Ya Paget nthawi zambiri ndi opareshoni kaye. Oyembekezera musadikire kuti mubereke kaye, sikani ndi biopsy zimatheka muli ndi pakati, ngakhale chemo amapereka miyezi 3 yoyambirira ikadutsa.