Power supply musaigule ndi ndalama zotsala

Mukamalumikiza kompyuta yanu yoyamba, yambani mwawerengetsa mphamvu imene zida zanu zidzafune. Mwachitsanzo, khadi la zithunzi (graphics card) la RTX 3060 limadya pafupifupi 170W, ndipo Nvidia, kampani ya khadili, imalangiza power supply (bokosi lopereka magetsi ku zida za m'kompyuta) ya 550W. Ine ndingati tengani ya 650W, kuti mukadzasintha khadi musadzagulenso ina.

Koma nambala ya pabokosi isakunyengeni. Zija zopepuka, zopanda dzina lodziwika, zimalemba 700W, pomwe pa 12V, pamene purosesa ndi khadi zimakokera mphamvu, zimapereka zochepa kwambiri. Werengani kachikwangwani kam'mbali, onani chizindikiro cha 80 Plus Bronze (chosonyeza kuti siitaya magetsi ambiri), ndipo tsimikizani kuti waya wa 8-pin wopereka magetsi ku khadilo ulipo. Yotchipa ikapsa, nthawi zina imapita limodzi ndi motherboard (bolodi lalikulu pamene zida zonse zimalumikizidwa).

Ndi magetsi ozimazimawa, onjezaniponso UPS (batire lothandiza kuti kompyuta isazime pompopompo magetsi akazima) ngati thumba likulola.