Mmene ndinaonjezera masiku a viza yanga ku Chiang Mai

Abale, viza ya DTV ya ku Thailand, yomwe amapatsa anthu monga ogwira ntchito zawo pa intaneti, imakupatsa masiku 180 ukalowa, ndipo utha kuonjezera ena 180 kamodzi, mtengo wake 1,900 baht. Ine ntchito yanga ndi ya pa laputopu basi, ndiye kutatsala masabata atatu kuti masiku anga athe ndinapita ku imigireshoni ndi fomu ya TM.7 yopemphera masiku oonjezera, zithunzi, mafotokope a pasipoti, zonse zili m'manja, koma anandibweza ati TM.30 ilibe. Imeneyi ndi fomu yodziwitsa imigireshoni komwe mlendo akukhala, amalembetsa ndi landilodi pasanathe maola 24 mlendo atafika pakhomo pake, wangayo anangoiwala zake. Ndinamuimbira, tinakhala pansi n'kulembetsa pa intaneti, risiti n'kuprinta pompo. Sitetimenti ya ku banki yoonetsa 500,000 baht ndinatenganso yatsopano, kuopa kubwezedwa kachiwiri. Lachinayi m'mawa a imigireshoni anadinda pasipoti yanga.